Akamwalira Wosunga Mbiri, Amalowa Dzina Ndani?

A Desmond Dudwa Phiri, amene ambiri tinkangowadziwa kuti a D.D. Phiri, adatisiya mu Malichi 2019 ali ndi zaka 88. Nyuzipepala zidalemba, mawailesi adalengeza, akuluakulu a boma ndi a mipingo adapepesa anamfedwa, ndipo mawu amene adamveka paliponse adali amodzimodzi, akuti dziko lataya nkhokwe ya nzeru. Sadaname. Koma mawu amenewa timawanena pa maliro a wokalamba aliyense wodziwa zakale, ndipo tidawazolowera kwambiri moti tikangowatchula timaona ngati udindo wathu watha. Mbiri ya dziko lino, kwa zaka zoposa 100, yasungidwa kwambiri ndi anthu amene sadalembedwe ntchito yosunga mbiri: aphunzitsi, abusa, makalaliki ndi ena ongoikonda. Tikalondola zomwe zidachitikira zolemba zawo, tipeza kuti zomwe zilipo lero sizidapulumuke chifukwa cha kukula kwa maliro a mwiniwake kapena kukoma kwa mawu oyankhulidwa kumanda. Zidapulumuka chifukwa padapezeka munthu wina, patapita chaka kapena zaka makumi angapo, amene adatola mapepalawo n'kuwagwirira ntchito. Makolo athu ankadziwa kuti maliro sathera pa mtumbira, kuti ali ndi gawo lachiwiri lolemera kuposa loyamba. Pa osunga mbiri, gawo lachiwirilo ndi limene ife timalizemba.

Tiyambe takumbutsana momwe maliro ankayendera pakati pa Achewa, monga adalongosolera ofufuza miyambo ngati J.W.M. van Breugel ndi Matthew Schoffeleers, komanso monga akuyenderabe m'midzi ina ya ku Dedza, Lilongwe, Mchinji ndi Kasungu. Munthu akatsikira kulichete mfumu imauzidwa, uthenga umapita m'midzi yoyandikana, amayi amasonkhana m'nyumba ya siwa, abambo amachezera pamoto panja, adzukulu amakonza thupi ndi kukumba manda. Akaika, pakapita masiku ochepa anamfedwa amameta. Kumeta koyambaku sikutseka maliro. Mzimu wa womwalirayo umakhala usanakhazikike, ukuyendayenda pakati pa manda ndi mudzi, ndipo ukhoza kuvutitsa amoyo m'maloto kapena ndi matenda. Pamayenera kudutsa miyezi yambiri, kawirikawiri mpaka anthu atakolola ndipo chimera chapezeka, kuti afulule mowa wa bona, umene kwina amautchula mpalo. Pamenepo ndiye pamakhala kumeta kwachiwiri. Gule amatuluka kudambwe, kasiyamaliro amavina usiku, ndipo ngati womwalirayo adali mfumu pamatulukanso zilombo zomwe sizioneka wambawamba. Bona akatha, mzimu uja walowa m'gulu la makolo amene mayina awo amatchulidwa pothira nsembe, wamasiye amasudzulidwa, ndipo nkhani zonse zomwe zidaimikidwa podikira zimagamulidwa. Tsiku loika lidali la misozi, loti munthu sangaganize bwino. Zigamulo ankazisungira tsiku lina, mitima itatsika.

Chigamulo chachikulu pa zonse chidali cha dzina. Mfumu ikamwalira, dzina lake silinkapita nayo kumanda. Amayi a mbumba ndi akuluakulu ankakhala pansi n'kusankha mmodzi, kawirikawiri mwana wa mlongo wake wa malemuyo, kuti alowe dzinalo, ndipo wolowayo ankatenga mpando, milandu, malire a dziko, ndi maubale omwe a womwalirayo. N'chifukwa chake Kalonga, Undi, Mkanda, Mwase ndi Lundu ali mayina amene akhala zaka mazanamazana. Mwambo umenewu umasunga, koma umamezanso. Nkhalamba ikamafotokoza kuti Undi adachoka ku Mankhamba n'kukamanga ku Mano, kenaka Undi adachita malonda a minyanga ndi Apwitikizi, kenaka Undi adathawa Angoni, womvera sangadziwe msanga ngati akunenedwa ndi munthu mmodzi kapena anthu khumi olowana dzina. Mpando umatsala, koma nkhope za amene adaukhalapo zimasungunukira mwa munthu mmodzi. Apa ndi pamene wolemba amafunikira, kuti alekanitse zomwe mwambo udaphatikiza. Tsono chodabwitsa n'chakuti wolembayo ndiye alibe womulowa dzina. Mphunzitsi wopuma ntchito amene watha zaka akupalasa njinga m'midzi, kufunsa nkhalamba za mibadwo ya mafumu n'kumalemba m'makope asukulu, alibe mbumba yomwe idzakhale pansi kusankha wopitiriza ntchito yake. Ana adzagawana njinga, wailesi ndi malata. Makope adzatsala m'katoni kunsi kwa bedi, ndipo kumeneko adzawapeza ndi chiswe, chinyezi cha dzinja, kapena mdzukulu wofuna pepala loyatsira mbaula.

Mishoni zitafika, Livingstonia mu 1875, Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, ndi ansembe a White Fathers ku Mua mu 1902, zidalimbana kwambiri ndi mowa wa maliro komanso Nyau. Mkhristu wopezeka pa bona ankatha kudulidwa mumpingo. Komabe gawo lachiwiri la maliro silidafe, lidangosintha maonekedwe. Lero abale amasonkherana ndalama ya simenti ndi matailosi, amamanga chiliza, amaitana abusa, amaphika, n'kuvundukula. Pamwalapo pamalembedwa dzina, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira ndi vesi. Pa tsiku loika padabweranso chinthu chatsopano chimene tsopano sichilephera, kuwerenga mbiri ya malemu: adabadwa chaka chakuti, adaphunzira kwakuti, adagwira ntchito kwakuti, adayamba kudwala mwezi wakuti, asiya ana angapo ndi zidzukulu zingapo. Kapepala kameneka, kolembedwa usiku pa siwa ndi wachibale amene ali ndi dzanja labwino, sikoyenera kukanyoza. Mwina ndi mtundu wa mbiri yolembedwa umene wafalikira kuposa wina uliwonse m'dziko muno, ndipo akadakhala kuti mipingo imasunga timapepalati bwenzi tili ndi chuma chachikulu. Koma kamanena za moyo wa munthu, osati zomwe munthuyo ankadziwa. Kwa mlimi kapena dalaivala, mwina pamenepo pakwana. Kwa munthu amene ntchito yake idali yosenza zokumbukira za anthu ena, kapepalako kamasiya kunja chinthu chenicheni chomwe tikumulirira.

Tiwaone anthu amenewa adali ndani. Yohanna Abdallah adali wansembe wa Anglican ku Unangu, tsidya la nyanja ku Mozambique, ndipo adalemba Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao m'chiyankhulo chawo, yomwe idasindikizidwa ku Zomba mu 1919 pamodzi ndi kumasulira kwa Meredith Sanderson. Yesaya Chibambo adali mbusa wa Livingstonia, ndipo mbiri yake ya Angoni a kwa M'mbelwa idatuluka m'Chingerezi mu 1942 ndi mutu wakuti My Ngoni of Nyasaland. Saulos Nyirenda, amene adalemba za Atumbuka ndi ufumu wa Chikulamayembe, adaphunzira ku Livingstonia n'kukagwira ntchito ya matelegalafu. Samuel Josia Ntara, wobadwa mu 1905, adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo lidapambana mpikisano wa zolemba za m'ziyankhulo za mu Africa n'kumasuliridwa ndi Cullen Young mu 1934, ndipo Mbiri ya Achewa, yomwe adaisonkhanitsa pofunsa akuluakulu m'midzi, idatuluka pakati pa zaka za m'ma 1940. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu amenewa amene adaphunzira ukatswiri wa mbiri ku yunivesite. Ankalemba pambali pa ntchito yomwe inkawadyetsa. Koma wophunzira aliyense wofuna kulemba za Ayao, Angoni, Atumbuka kapena Achewa a kale, kaya ali ku Zomba kaya ku London, amayambira pa iwowa, ngakhale atafuna kuwatsutsa. Iwo adafika kwa nkhalamba zomwe zidaona nkhondo za Angoni ndi misika ya akapolo ndi maso awo, ndipo khomo limenelo lidatsekeka kalekale.

Nkhani ziwiri zikuonetsa bwino kusiyana kwa wokhala ndi womulowa dzina ndi wopanda. George Simeon Mwase adali kalaliki wa boma, Mtonga, amene adamangidwa ku ndende ya Zomba mu 1931 pa mlandu wa ndalama za msonkho. M'ndendemo adakumana ndi Wallace Kampingo, mmodzi mwa anthu amene adamenya nawo nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, ndipo zomwe adamva adazilemba pamodzi ndi maganizo ake pa ulamuliro wa azungu. Zolembazo zidagona m'mafailo a boma zaka zoposa 30. Mwase adamwalira mu 1962 asadazione zitakhala buku, ndipo zidatuluka mu 1967 chifukwa Robert Rotberg wa ku America adazipeza n'kuzisindikiza ndi mutu wakuti Strike a Blow and Die. Kukadapanda mlendo ameneyo kutsegula failo imeneyo, mawu a mkaidi wa nkhondo ya Chilembwe akadatsala pashelefu mpaka pepala litafumbwa. Winayo ndi W.H.J. Rangeley, mzungu wa boma la atsamunda amene adafika poyang'anira chigawo cha kummwera. Iyenso adali wongokonda mbiri, woyenda ndi kope kulikonse, ndipo adalemba za Makewana wa ku Msinja mu 1952 ndi za Mbona wa ku Khulubvi mu 1953. Atamwalira mu 1958, anzake a m'bungwe la Nyasaland Society, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1946 ndipo lero limatchedwa Society of Malawi, sadalekere pa mawu achipepeso. Adasunga mapepala ake, ndipo nkhani zake za Ayao ndi za Angoni zidapitiriza kutuluka m'magazini ya bungwelo m'zaka za m'ma 1960, mwiniwake ali m'manda. Mapepalawo adasungidwa mu laibulale ya bungweli, yomwe ili ku Mandala House mu Blantyre, nyumba yomangidwa mu 1882. Bungweli pachiyambi lidali la azungu ndi zofuna za azungu, zimenezo n'zosabisa. Koma pa nkhani iyi yokha, adamuchitira mnzawo zimene makolo athu akadazitcha bona weniweni.

Pali china chowawa pang'ono chomwe chimaonekera tikandandalika mayina a amene adatola ntchito za akuluakulu aja. Wa Mwase adali Rotberg. Buku la Abdallah lidasindikizidwanso ku London mu 1973 ndi mawu oyamba a Edward Alpers. Mbiri ya Achewa idamasuliridwa ndi W.S. Kamphandira Jere, koma ndemanga zake adalemba ndi Harry Langworthy ndipo idatuluka ku Germany, mu 1973 momwemo. Mbiri yaikulu ya Chilembwe, Independent African ya mu 1958, adalemba ndi George Shepperson ndi Thomas Price, ndipo Shepperson, amene adamwalira mu 2020 ali ndi zaka 98, adayamba kukonda dziko lino chifukwa chokhala ndi asilikali a ku Nyasaland pa nkhondo ya ku Burma. Anthu amenewa tiyenera kuwathokoza, paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma zotsatira zake n'zakuti nzeru zotengedwa m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi zidakakhazikika m'Chingerezi, m'malaibulale a kutali, pa mtengo woti mphunzitsi wa pulaimale sangaufikire. Pamene osindikiza mabuku a CLAIM ndi a Kachere adasindikizanso Independent African kuno kwathu mu 2000 adaonetsa kuti njira yobwezera zinthuzi kumudzi ilipo, ikungofuna anthu oiyenda kawirikawiri.

A D.D. Phiri adali munthu amene adaiona mbuna imeneyi n'kuyesa kuikwirira yekha. Adabadwira ku Mzimba mu 1931, adapeza digiri ya yunivesite ya London, adagwira ntchito m'boma ndi ku ukazembe, kenaka adatsegula sukulu yophunzitsa mwa makalata ya Aggrey Memorial. Mbiri sidali ntchito yawo yolipidwa. Koma m'zaka za m'ma 1970 adatulutsa timabuku ta Malawians to Remember, ndipo mayina amene adasankha akunena zambiri: Inkosi Gomani II, amene adachotsedwa pa ufumu mu 1953 chifukwa chokana chitaganya, James Frederick Sangala, mmodzi mwa oyambitsa Nyasaland African Congress, mbusa Charles Chidongo Chinula, Dunduzu Chisiza, amene adafa pa ngozi ya galimoto ku Thondwe mu 1962, ndi John Chilembwe, amene adaphedwa mu Febuluwale 1915 n'kuikidwa mobisa kuti manda ake asasanduke malo osonkhanirapo. Tikumbukire nyengo yake. Chitachitika chisokonezo cha nduna cha mu 1964, ndiponso Yatuta Chisiza ataphedwa mu 1967, dzina la Chisiza silinkatchulidwa mwachisawawa, ndipo mbiri yovomerezeka inkafuna kuti ufulu wa dziko lino uoneke ngati udabwera ndi munthu mmodzi. Kulemba kabuku konena kuti padali enanso oyenera kuwakumbukira kudali kuwachitira anthuwo mwambo umene boma lidawamana. Pambuyo pake adalemba From Nguni to Ngoni, Let Us Die for Africa ndi mabuku awiri a History of Malawi, kwinaku akulemba m'nyuzipepala sabata ndi sabata mpaka ukalamba. Munthu amene adathera moyo wake akumeta maliro a ena kachiwiri sayenera kungometedwa kamodzi.

Wina anganene kuti maliro ndi a banja, ndipo mapepala a malemu ndi katundu wamasiye ngati mbale ndi mipando, choncho anthu akunja asalowerere. Mawuwa ali ndi nzeru yake, makamaka m'dziko limene amayi amasiye akhala akulandidwa katundu ndi achibale adyera, ndipo palibe amene ayenera kufika pakhomo la namfedwa n'kuyamba kufukula makatoni. Koma mwambo womwewo sudanenepo kuti maliro ndi a banja lokha. Mfumu ndiyo imapereka chilolezo ndi malo kumanda. Adzukulu, amene amagwira ntchito yovuta kuposa onse, sakhala anamfedwa enieni, ndipo n'chifukwa chake amatha kugwira thupi, kuseka ndi kuselewula pamene eni ake manja ali lende. Mudzi udazindikira kuti pali ntchito zina za maliro zomwe mwini chisoni sangazithe. Kusanja mapepala a womwalira ndi imodzi mwa ntchito zimenezo. Mwana wa malemu akatsegula kope amaona dzanja la bambo ake n'kuyamba kulira, kapena amaona mayina a midzi yomwe sadaimvepo n'kuganiza kuti n'zopanda ntchito. Mnzake wa malemu, amene ankatsutsana nawo za chaka chomwe Zwangendaba adamwalira, ndiye angadziwe kuti tsamba ili n'lofunika. Komanso zomwe zili m'makopemo sizidachokere m'banjamo. Adazipereka ndi nkhalamba za m'midzi yambiri, mwaulere, pokhulupirira kuti zikasungidwa. Pepalalo ndi la banja, koma ngongole ya mawuwo ili kwa midzi ija.

Chitsutso cholemera kwambiri n'chakuti mabuku a anthu ongokonda mbiri ali ndi zolakwika, ndipo kuwalemekeza kwambiri n'kufalitsa zolakwikazo. Izi n'zoona, ndipo sizochepa. Ofufuza mbiri Leroy Vail ndi Landeg White adaonetsa momwe zolemba za Saulos Nyirenda, mothandizidwa ndi Cullen Young ndi aphunzitsi a Livingstonia, zidakuzira ufumu wa Chikulamayembe kuposa momwe udalili, pa nthawi imene boma la atsamunda linkasankha mafumu oti liwapatse mphamvu. Chibambo naye ankalemba ali ndi mbali, kufuna kukweza nyumba ya M'mbelwa. Mwase adamva nkhani ya Chilembwe kwa munthu mmodzi patapita zaka 16, n'kuithira maganizo ake omufanizira ndi John Brown wa ku America, ndipo chithunzi cha Chilembwe wofuna kufa ngati nsembe chimatsamira kwambiri pa iye. Ntara adasonkhanitsa nkhani za mafumu osiyanasiyana pansi pa denga la mishoni, ndipo buku likangolowa m'sukulu limabwerera kumudzi, moti wofufuza wobwera pambuyo akhoza kumva nkhalamba ikumuuza zomwe idawerenga, iye n'kumayesa wapeza umboni wachiwiri. Chichewa chitakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, mbiri ya Achewa idasandukanso chida cha ndale. A D.D. Phiri nawonso ankakonda ngwazi zawo, ndipo nthawi zina ankazikhululukira msanga. Koma zonsezi sizikutanthauza kuti tiwasiye. Pa maliro athu pali mphindi imene woyendetsa mwambo amaimirira n'kunena kuti amene malemu adali naye ngongole, kapena amene adakongola kwa malemu, aonane ndi akubanja. Palibe amene amaiona mphindiyo ngati yonyoza womwalira. Imasonyeza kuti adali munthu weniweni amene ankachita zinthu ndi anthu anzake. Buku la Ntara la mu 1973 lidachita zomwezo: mawu a mwini adasiyidwa momwe adalili, ndipo Langworthy adaika ndemanga zake pambali, kuvomereza apa, kukayika apo. Ubwino wake zidachitika Ntara akadali moyo, chifukwa adamwalira mu 1976. Wolemba amene akutsutsidwa tsamba ndi tsamba akuwerengedwa. Amene amangotamandidwa pa mwambo wokumbukira, buku lake lili lotseka, ndiye waiwalika ngakhale dzina lake likutchulidwa.

Ena adzati nthawi ya ongokonda mbiri idatha, poti tsopano tili ndi mayunivesite ndi akatswiri ophunzira bwino. Yunivesite ya Malawi idatsegulidwa mu 1965, ndipo dipatimenti ya mbiri ya ku Chancellor College idagwira ntchito yaikulu. Bridglal Pachai adasonkhanitsa buku la The Early History of Malawi mu 1972, Kings Phiri adafufuza za Achewa, Owen Kalinga za Angonde, ndipo John McCracken adatulutsa mbiri yake yaikulu ya dziko lino mu 2012. Koma tikayang'ana momwe ntchitoyo inkayendera tipeza kuti idatsamira pa anthu omwewo. Ophunzira ankatumizidwa kwawo pa tchuthi kukafunsa akuluakulu, ndipo m'mudzi uliwonse ankalozeredwa kwa munthu mmodzi kapena awiri odziwika kuti ndiwo amasunga zakale. Katswiri ndi wongokonda amafunana. Angoni adasunga pakamwa kuti pamene ankawoloka Zambezi dzuwa lidada masana, ndipo owerengera kayendedwe ka dzuwa ndi mwezi ndiwo adapeza kuti kadamsana ameneyo adachitika mu Novembala 1835. Popanda nkhalamba zija palibe chomwe akadawerengera, ndipo popanda owerengera chakacho sichikadadziwika. Ndiye pali funso la owerenga. Katswiri amalembera akatswiri anzake, m'Chingerezi chovuta, m'magazini a kunja, chifukwa ndiko kumene ntchito yake imayezedwa, ndipo sitingamudzudzule pa zimenezo. Koma wogulitsa mu golosale ku Balaka amene adadziwa za Sangala kapena za Gomani adazidziwira mu nyuzipepala, pa wailesi, kapena m'kabuku kopyapyala kogula pa sitolo ya mpingo. Olemba zoterezi akamatha popanda owalowa m'malo, yunivesite ikhoza kumakula pamene mbiri yodziwika kwa anthu wamba ikufota.

Tsono gulu la okonda mbiri likataya mnzawo, ntchito yake ndi yooneka ndi maso ndipo siyofuna ndalama zambiri monga timaganizira. Chipepeso chomwe chimasonkhedwa pa maliro a munthu wotchuka, kuwerengedwa mokweza dzina ndi dzina, chimaposa mtengo wojambulitsa makope ake onse. Chofunika ndi anthu awiri kapena atatu opita kwa anamfedwa misozi itauma, mwaulemu, kukapempha kuona zomwe zidatsala: makope, makalata, zithunzi, matepi a kaseti omwe akapanda kukoperedwa msanga amamatirira n'kufufutika. Pamafunika wina wolemba ndandanda ya zomwe zapezeka, wina wofunsa amene adakali moyo kuti dzina lofupikitsidwa ili likuimira yani, wina wotola nkhani zomwazikana m'nyuzipepala za zaka zambiri n'kuziika pamodzi, ndi wina wozimasulira m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao kuti zibwerere komwe zidachokera. Ndipo pamafunika mmodzi wovomera poyera kuti funso lomwe malemu adalisiya panjira alipitiriza ndi iye.

Pomaliza pali amene angati zonsezi n'zosavuta, ingotengani katoniyo mukaisiye ku nyumba yosungira zakale ya boma ku Zomba, nkhani yatha. Kukasiya kumeneko n'kwabwino kuposa kunsi kwa bedi, ndipo nyumbayo, yomwe idayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, ndiyo idasunga zolemba za Mwase mpaka wozifuna atabwera. Koma mbiri ya nyumba zosungiramo mapepala m'dziko muno ikutichenjeza kuti kope limodzi m'nyumba imodzi likhoza kutayika. Mu Febuluwale 1919 moto udatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba n'kuwononga mafailo ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, ndipo olemba mbiri ya nyengo imeneyo amadalira makalata omwe adatumizidwa ku London, mabuku a mishoni ndi mapepala a anthu paokha, ndiye kuti zinthu zomwe zidali ndi kope lina kwina. Mu Disembala 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu idapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000. Mabuku a sayansi ndi a maphunziro ena, anthu akufuna kwabwino adasonkha ena kuchokera kunja n'kutumiza. Zolemba zosowa za Malawi zomwe zidali mu laibulale imeneyo yokha, padalibe woti angazitumize.